A Custodio ndi Madzi Omaliza

Selestina anayamba kuwaona a Custodio ataima kuseri kwa londile ya ku Banket, atakweza botolo la madzi kudzuwa ngati munthu wofuna kudziwa ngati dzira ndi lofungatiridwa. Munali mu Meyi chaka cha 1984, kukuzizira, ndipo iye anabwera kudzafunsa ntchito. Khomo lakumaso analiopa chifukwa kunkaima magalimoto a eni mapulazi, choncho anazungulira kuseri kumene ngalande inkatulutsa madzi a thovu. Bamboyo anali wamfupi, wa mapewa otambalala, imvi zitayamba kumera cha m'makutu. Anapendeketsa botolo lija, analinunkhiza, kenako anapukusa mutu n'kutaya madziwo.

"Sanayere," anatero, akuuza khoma.

Potembenuka m'pamene anaona mayi wovala zakuda kuyambira duku mpaka kumapazi. Anavula chipewa.

"Pepani ndi maliro, mayi. Mwasochera, kapena mukufuna basa?"

Selestina anangogwedeza mutu. Mawu ankamuthawa chikhalire pamaso pa anthu achilendo, ndipo chimwalirireni mwamuna wake ankachita kuwafunafuna.

Jameson, mwamuna wakeyo, ankayendetsa thirakitala pa pulazi ya fodya kunja kwa tauniyo. Mu Marichi thirakitala inagubuduzika naye pa khoma la damu. Nyumba ya pakomboni inali ya ntchito, sinali ya munthu, ndipo kapitawo anamupatsa mpaka kutha kwa Juni kuti atulukemo ndi mwana wake Janeth. Kopita kunalibe. Selestina anabadwira pa pulazi ina ku Glendale. Makolo ake, amene onse anali atatsikira kuli chete, ankati kwawo n'ku Dedza, koma iye Dedza ankangomumva m'mapemphero a bambo ake. Chimene anamva kwa amayi a kutchalitchi n'chakuti kuseri kwa londile kuli mzere wa zipinda za antchito, ndipo chimodzi chili chopanda munthu. Wopeza ntchito ankapezanso kiyi.

Mwini londileyo anali mzungu wachikulire amene aliyense ankangomutchula kuti Misisi. Atamva kuti Selestina anafika Fomu 2, anamupatsa kapepala kuti awerenge, kenako anati amuyesa kaye mwezi umodzi. Kiyi idzabwera akakhutira naye.

M'katimo munali ngati dziko lina. Makina atatu ochapira anagona chammbali ngati ng'ombe zobzikula, aliyense ndi mgolo wozungulira m'mimba mwake. Malamba ankawomba m'mwamba, nthunzi yochokera ku boyila inkalira m'mapaipi, ndipo pansi sipankauma. Pakona panali makina ofinyira zovala, chimphika chachitsulo chozungulira mwaliwiro, chimene antchito ankati haidulo. Kumeneko ankachapa mashiti a pabedi a hotela, mabulangete a sukulu yogonera komweko, nsalu za patebulo za ku kalabu ya alimi, ndi maovololo a m'mapulazi obwera m'matumba akununkha fodya. Makina onsewo ankamvera munthu mmodzi, a Custodio. Ntchito ya Selestina inali yotulutsa zochapidwa, kuzipititsa ku haidulo, n'kukazisiya kwa amayi osita.

Mkulu wa osita anali Edina, mayi wa pakamwa posatseka, wobadwira ku Guruve kwa makolo a ku Tete.

"Ndiye mwatibweretsera sukulu muno, a Fomu Thuu?" anatero tsiku loyamba. "Zvakanaka. Muziwawerengera mashitiwa Chingerezi, mwina azidzisita okha."

Masiku awiri oyamba anachapa maovololo a buluu ndi a khaki, ndipo zonse zinayenda bwino. Lachisanu kunabwera mashiti a hotela. Ngolo yokankhira zovala inali itathyoka gudumu, choncho Selestina ankawanyamula m'manja, ali onyowa ndi otentha, atawakumbatira pachifuwa monga ankanyamulira Janeth. Ankathamanga kuti aoneke wakhama. Sanayang'ane n'komwe.

Masana Edina anatambasula shiti loyamba, nakuwa.

"Maiwe! Ndani wakhala akugwirana chibale ndi mashiti a hotela?"

Pakati pa shitilo panali chibanga chakuda, mpaka mabatani anayi a diresi akuoneka pamzere. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatambasula onse, ndipo oyera anapezeka atatu okha. Diresi la Selestina silinali lakuda chibadwire. Linali lake la maluwa lopita nalo kutchalitchi, limene amayi a pakomboni analinyika mu utoto wa m'sitolo tsiku la maliro, m'chitini cha madzi ofunda, mothamanga. Linzake losinthira analichita chimodzimodzi. Nthunzi ndi thukuta zinangomasula utotowo.

Misisi sanakalipe. Anangoti Lolemba abwere atavala yunifomu yoyera ngati anzake, apo ayi asabwerenso.

Selestina anakakhala pa njerwa kuseri kuja, pafupi ndi ngalande. Zakudazo anamuveka ndi apongozi ake, amake Jameson, pamaso pa amayi onse. Malangizo anali omveka: sazivula mpaka chaka chitakwana ndipo akuchimuna atamusudzula, komanso mwamuna wina aliyense asazikhudze. Kuzivula patangotha miyezi iwiri kukanakhala kulengeza kuti anali kale ndi wina, ndipo pakomboni nkhani yotere imathera pa funso lakuti thirakitala ija inagwa yokha kodi. Komanso mumtima mwake iye mwini sankafuna kuzivula. Koma Juni anali pakhomo.

Edina anamupeza pomwepo, ukali wonse utamuthera. "Bwanji muzivala epuloni pamwamba?"

"Epuloniyo ingoda nayo," anayankha a Custodio, amene anatulukira ndi botolo lawo. Anayang'ana diresilo ali chapatali, manja kumbuyo. "Ananyika ndani?"

"Amayi a kukomboni," anatero Selestina chapansipansi.

"Anathira mchere?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndinali m'nyumba ya maliro."

"Sanathire. Ndipo madzi sanawire. Mai Janeth, vuto si inu, vuto si malemu, vuto ndi utoto wosapsa. Mawa mugule mapaketi awiri. Mubwere ndi madiresi onse."

Analowa mu ofesi ya Misisi, chipewa chili m'manja. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo Selestina anamva Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chishona ndi Chipwitikizi. Anati mashitiwo awayeretsa okha tsiku lomwelo. Anati mayiyu abwera Lolemba atavala zakuda zomwezo, ndipo shiti limodzi likadzada, achoke onse awiri. Misisi anaseka, poti ankadziwa kuti popanda a Custodio boyila ija sakanaiyatsa n'komwe. Koma anavomera.

Loweruka ntchito inkatha wani koloko. Ena atapita, anatsala atatu. Edina anabweretsa chitenje chakuda ndi bulauzi zimene anasunga chimwalirireni mayi ake, ndipo Selestina anakasintha kuseri kwa mulu wa mabulangete. Anatuluka atanyamula madiresi ake awiri, osadziwa kowaika.

"Musandipatse ine," anatero a Custodio, akubwerera m'mbuyo. "Mwambo ndimaudziwa. Ine sindikhudza. Mugwira nokha, inu ndi makina."

"Nanga makinawo si amuna, sekuru?" anafunsa Edina.

"Awiri aakuluwo ndi amuna, n'chifukwa chake amadya sopo wambiri ntchito pang'ono. Wamng'onoyu ndi mkazi. Ndinalipo tsiku limene anabwera."

"Munamusuzumira?"

"Iwe Edina, pakamwa pako pakanakhala mpopi bwenzi Banket yense atasefukira."

Selestina anaseka, koyamba chichokereni Marichi, ndipo anadzigwira pakamwa ngati waba.

A Custodio anamuuza kuti adzaze ndowa yachitsulo, alowetsemo kapaipi ka nthunzi mpaka madzi abwate, athire utoto ndi manja atatu a mchere wa miyala. Ataviikamo madiresi aja, anavundula ndi mtengo kwa ola lathunthu, mkono ukuwawa, iwo akungoti, "Musaleke, utoto ndi waulesi, umafuna kuukankha." Kenako anamuimika pamaso pa makina aang'ono aja.

"Tsegulani chitseko. Ikani. Tsekani mpaka chilire kawiri. Kagudumu kofiirako ndi ka nthunzi, lero musakakhudze. Kabuluuko ndi madzi ozizira. Tembenuzani mpaka madzi afike pa kamzere ako. Tsopano kokani chitsulo icho."

Selestina anagwira chitsulo chija. Panalibe mkazi amene anakokapo chitsulocho m'londile imeneyo. Anakoka. Lamba anagwira, mgolo unabuula n'kuyamba kutembenuka, ndipo kunjenjemera kwake anakumva kukukwera m'mapazi.

Madzi oyamba atatuluka, a Custodio anaika botolo lawo pansi kuti alitole yekha. Linali botolo wamba la jamu. Anamutuma kukatunga pa ngalande n'kulikweza kudzuwa. Madziwo anali bii ngati khofi. Achiwiri ngati tiyi wopanda mkaka. Achisanu Selestina anati ayera.

"Yang'anitsitsani. Ikani chala kuseri kwa botolo. Chikhadabo chikuoneka mtundu wanji?"

Chinkaoneka chotuwa. Anatsukuluzanso kawiri. Pa madzi achisanu ndi chiwiri chikhadabo chinaoneka monga Mulungu anachilengera.

Kenako anapita ku haidulo, imene a Custodio ankaitchula kuti Adélia. Anamuuza kuti aike diresi limodzi mbali iyi, linalo moyang'anizana nalo. "Uyu mukamuunjikira katundu mbali imodzi amavina mpaka kuzula mabawuti. Safuna kukondera. Mayi a kunyumba kwanga anali otero."

Madiresi atafinyika, Edina anatenga thumba loyera la pilo, nakulunga diresi lonyowa m'katimo, nakhalira ndi thupi lake lonse. Atatambasula, thumbalo linali mbee. Ntchito yomaliza inali yotsuka makina ndi mankhwala oyeretsera kuti Lolemba asadzaulule chinsinsi, ndipo imeneyonso a Custodio anamusiyira Selestina.

Lolemba Misisi anaima pafupi ndi osita m'mawa wonse, akutembenuza shiti lililonse. Kenako anabwerera mu ofesi. Mwezi usanathe, kiyi ya chipinda chachinayi inapezeka pa tebulo lopindira zovala, itamangidwa kachingwe.

Mbiri ya a Custodio Selestina anaitola pang'onopang'ono, pa nthawi ya tiyi, iwo akuotcha mbatata pa chitseko cha boyila. Iye sankafunsa, ankafunsa ndi Edina, iye n'kumasunga. Anabadwira ku Angonia, m'chigawo cha Tete. Anachoka mu 1959, atangokwatira, pothawa ntchito yokakamiza yokumba misewu. Anayenda wapansi masabata atatu, nawoloka Zambezi pa bwato, atamuuza mkazi wawo Adélia kuti abwera kudzamutenga akakolola kawiri. Ntchito yoyamba inali yosonkhezera moto m'mabani a fodya cha ku Guruve, kumene anaphunzira kuyeza kutentha ndi tsaya. Chipsera chachitali cha pa mkono wamanzere anachitenga kumeneko. Ku Banket anabwera mu 1971 kudzayang'anira boyila, ndipo woyendetsa makina wakale atadwala, anangopitiriza iwo. Kwawo anapitako kawiri kokha. Ulendo wachiwiri anasiya mwana wamkazi, Francisca, akuyamba kuyenda. Adélia anakana kusiya munda wa mayi ake. Kenako kunabwera nkhondo, ina itatha n'kubweranso ina, ndipo makalata analeka kufika. Sanakwatirenso.

"Mkazi ndili naye," ankatero akusisita haidulo. "Amandilalatira tsiku lililonse."

Kuwerenga ankangodziwa manambala ndi dzina lawo, koma makina ankawamva ngati mayi amamvera kulira kwa mwana. Ankaika chikhatho pa mgolo n'kunena kuti mwadzaza kwambiri. Ankadziwa lamba amene aduke mawa. Maovololo a anthu opopera mankhwala m'fodya ankawachapa paokha, kawiri, ndipo sankalola mayi woyembekezera kuwayandikira. Nsalu za ku kalabu ankazidziwa ndi madontho ake, n'kumauza anzake zimene azungu anadya Loweruka. Chichokereni Loweruka la utoto lija ankamuitana Selestina nthawi ndi nthawi: "Mai Janeth, tabwerani mumve uyu akuti chiyani." Pofika 1987 Selestina ankayendetsa makina onse atatu iwo akapita kuchipatala ndi bondo lawo.

Chaka cha maliro chitakwana, kwawo kwa Jameson ku Malawi sikunabwere munthu. Anamusudzula ndi apongozi ake pamodzi ndi akulu a mpingo. Madiresi aja anali akadali akuda bii, moti amayi a pakomboni anafunsa kuti anawagula kuti. Posakhalitsa namfedwa wina anafika kuseri kwa londile Loweruka masana ndi kamtolo kake, kenako winanso. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maliro anachuluka m'mapulazi, ndipo obwera ndi timitolo anayamba kukhala atsikana aang'ono, ena mwana ali kumsana. Ankavundula ndowa ndi Selestina. A Custodio ankakhala pa chitini chapatali, manja ali pamaondo, akuwerenga madzi otsukuluza. Misisi ankaona utsi wa boyila Loweruka masana, koma sanafunsepo.

Chilala cha 1992 chitafika, madzi ankabwera maola owerengeka. A Custodio anakumba dzenje n'kuikamo migolo, kuti madzi omaliza a mashiti akhale oyamba a maovololo. Londile sinatseke ngakhale tsiku limodzi. Selestina akamakumbukira zaka zimenezo, chimabwera msanga ndi fungo la mashiti otentha, phokoso la malamba, Edina akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa dala, ndi Janeth akulemba za kusukulu pa tebulo lopindira zovala. Anali masiku otopetsa, manja ankasweka ndi sopo, koma munthu ankadziwa pamene waima.

Mu 1994 Misisi anasiyira londile mwana wake wamwamuna. Zinthu zinali zitakwera mtengo, sukulu inagula makina ake, ndipo mwanayo anaitanitsa makina amodzi atsopano a magetsi, ochapa ndi kufinya okha, a mabatani ndi kagalasi kolemba mawu. Boyila inati izimitsidwe. Woyendetsa makina ankafunika mmodzi. Ena onse, kupatula osita awiri, anauzidwa kuti atuluke m'zipinda pakutha kwa Ogasiti. Mwanayo anakulira m'manja mwa a Custodio, ndipo anati malo a woyendetsa makinawo ndi awo.

Janeth anali Fomu 3. Selestina anayambanso kuwerenga masabata ngati kale, osauza munthu.

Tsiku limene wokonza makina wa ku Harare anabwera kudzaphunzitsa, a Custodio anaima patsogolo pa kagalasi kaja nthawi yaitali, akutsinzinira.

"Bwana, maso anga atha. Apa ndikungoona nyerere. Muphunzitseni mayiyu, ali ndi sukulu."

Selestina anadziwa kuti si zoona. Mabataniwo anali asanu ndi limodzi okha, onse a manambala, ndipo dzulo lake anawaona a Custodio akulowetsa ulusi pa singano osaphonya. Madzulo ntchito itatha anawapeza akupukuta Adélia, haidulo ija, imene mawa lake inkapita kwa ogula zitsulo. Anaima pambali pawo.

"Bambo, maso anu..."

"Maso anga ndi anga, Mai Janeth. Ndikati atha, atha." Anapinda kansanza kawo bwinobwino. "Kwathu nkhondo yatha, anthu akubwerera. Ine ndili ndi kobwerera. Inu mubwerera kuti? Ku Dedza mukafunsa nyumba ya yani?"

"Nanga mukakapeza kulibe munthu?"

"Ndikapeza phiri. Phiri silithawa nkhondo."

Zaka zoposa khumi ndi zisanu anali asanalandire kalata. Onse awiri ankadziwa zimenezo.

Ananyamuka Loweruka loyamba la Seputembala, m'mawa, jakaranda atayamba kuphukira. Edina ndi Selestina anawaperekeza pa siteji ya basi ya ku Harare. Katundu wawo anali sutikesi imodzi, wailesi, ndi bulangete limene Selestina analichapa m'makina atsopano aja n'kulisita yekha. Edina analira mokweza, akuwatukwana kuti ndi nkhalamba yosayamika yothawa akazi awiri nthawi imodzi. Selestina anangoima, atagwira chikwama ndi manja onse.

Selestina anagwira ntchito m'londilemo zaka zina zisanu, m'chipinda chachinayi chomwecho, mpaka Janeth atamaliza kosi ya unamwino n'kumutenga. Za a Custodio sanamvenso, ngati anamupeza Francisca kapena anangopeza phiri lija. Chimene amakumbukira ndi basi itafika, kondakitala akukuwa, iwo atakwera kale phazi limodzi. Anabwerera, napisa m'thumba la jekete, natulutsa botolo la jamu lija atalikulunga m'nyuzipepala. Ulendo uno sanaliike pansi. Anamupatsa m'manja.

"Makina atsopanowo akamati amaliza, musamawakhulupirire msanga, Mai Janeth. Alibe maso. Madzi omaliza muziwaona nokha."